Zitseko Ziwiri ndi Suti ya Atate

Mwana wanga woyamba wayambanso nkhani ya kabati. Anabwera Loweruka lapitali ndi tepi yake yoyezera, n'kuima pakati pa kachipinda kanga kochapira, manja m'chiuno ngati kapitawo.

"Amayi, zovala za anthu zili poyela monga tomato pa msika. Fumbi yonse ya Libuyu isilila pano. Lekani nikupangileni kabati ya zitseko, na loko."

Ine ndinangoti ndamva, tidzaona. Aka n'kachitatu kumuyankha choncho. Iye akuganiza kuti ndi kuuma mutu chabe, ndipo mwina pang'ono ndi zoona. Koma chifukwa chilipo. Pakamwa chimakana kutuluka, ndiye ndati ndiyese kulemba, mwina papepala chingayende.

Atate anga anali dobi. Ana a masiku ano sawadziwa mawu amenewa. Dobi ndi munthu amene ntchito yake ndi kuchapa ndi kusita zovala za ena, basi. Anachoka kwawo ku Ntcheu ali mnyamata, wapansi, ati akupita kumigodi ya kum'mwera. Atafika pa Livingstone mapazi anatupa, anapuma, anapeza ntchito panyumba ya mzungu wina wa kunjanji, ndiye kukhala kwake kumeneko. Amayi anawapeza konkuno, makolo awo nawonso anali a ku Nyasalande. Ine ndinabadwira kuno, ndipo mwa ana onse amene amayi anabereka ndinakula ndine ndekha. Sukulu ndinaisiya msanga chifukwa atate ankafuna wowatungira madzi ndi kuwakolezera makala a simbi. Sindidandaula. Ntchito imene ndikudyera lero ndinaiphunzira pamenepo.

Kwawo atate sanabwerereko. Anthu otere amatchedwa matchona, ndipo mawu amenewo ankawalasa. Wina akawatchula pamaliro kapena potuluka m'tchalitchi, ngakhale mwanthabwala, nkhope yawo inkasintha.

"Ine sindine mtchona," ankatero. "Mtchona alibe tsiku lobwerera. Ine tsiku ndili nalo, kungoti silinakwane."

Chaka cha ufulu mzungu uja analongedza katundu n'kuwoloka mlatho kulowera kum'mwera. Anawasiyira atate simbi ziwiri za makala ndi bafa lalikulu la malata. Atate anati, ngati azungu akubwerera kwawo, ine ndatsalira chiyani? Anapita kwa telala wa chimwenye m'tauni n'kusoketsa suti yoyera, ya nsalu ya thonje yolimba, jekete ndi buluku, mabatani ake a nyanga, ofiirira. Sanapite nayo kulikonse, ngakhale pa Khirisimasi. Inali yodzavala tsiku lofika kumudzi. Ankati akufuna mlongo wawo, amene anamusiya ali kamtsikana, adzaone kuti achimwene ake sanapite kukagona m'ngalande.

Kamodzi kokha ndinawaona ataivala. Ndinalowa mwadzidzidzi, ndinawapeza ataima okha, opanda nsapato, akuyeserera moni: "Tafika, tafika, nanga kuno mwatsala bwanji?" Atandiona anachita manyazi, anati akungoona ngati sinachepe. Ndinatuluka n'kukaseka kuseri. Lero sindiseka.

Chaka chilichonse pankakhala china. Mwina amayi adwala, mwina denga likudontha. Kenako kunabwera za mapepala. Kale munthu ankangoyenda, tsopano mayiko ndi awiri, lililonse ndi mbendera yake, ndipo ku boma ankawafunsa kuti inu ndinu wa kuti kwenikweni? Atate ankabwerako atatopa. Suti inadikira.

Titapatsidwa nyumba ku Libuyu, komboni ya mu Livingstone momwemuno, atate anamanga kachipinda kumbuyo, ka njerwa zosawotcha ndi malata akale. Ankakatcha ofesi. Munthu akawaitana ankayankha kuti "Ndili mu ofesi," anthu n'kumaseka. M'katimo munali tebulo lositira, bafa lija, ndi shelefu. Za shelefuyi ndifotokoze bwino, chifukwa nkhani yagona pamenepo.

Anali matabwa anayi a mukusi, mtengo wofiira, wolemera, woti msomali umapindika. Panalibe chitseko, panalibe thabwa la kumbuyo, matabwa chabe pa miyendo inayi. Mwendo uliwonse unkaima m'chitini cha oilo wakuda amene ankapempha kwa anzawo a kunjanji. Ndipo shelefuyo sinkakhudza khoma, ayi. Pakati pankatsala mpata wolowa dzanja. M'mawa uliwonse, asanakoleze moto, ankalowetsa dzanja kumbuyoko n'kusisita khoma kuchokera pamwamba mpaka pansi. Ndili mwana ndinkaganiza kuti ndi pemphero lina lake.

"Chovala chimapuma," ankandiuza. "Ukachitsekera chimadwala. Fumbi usaliope, fumbi umaliona, umakuntha. Uziopa chimene sukuchiona."

Thabwa la pansi linali la sopo, buluu woyeretsera zovala ndi sitachi ya chinangwa. Awiri a pakati, zovala za makasitomala, aliyense mulu wake. Atate sankatha kuwerenga, koma sanasokonezepo malaya a munthu, ankangoponya maso n'kudziwa kuti awa ndi a aphunzitsi, awa ndi a namwino. Pamwamba penipeni pankakhala suti, yokha, ataifunditsa pilokesi yakale. Loweruka loyamba la mwezi, ntchito ikatha, ankaitsitsa, kuikuntha, kuiyanika pamthunzi, kuidutsitsa simbi, kuipinda, kuibwezera. Mwezi ndi mwezi, zaka khumi ndi kuposerapo.

Anadwala nthawi yotentha, ija yoti ngakhale agalu safuna kuuwa. Miyendo inatupa, mpweya unayamba kuvuta. Kuchipatala anawagoneka masiku angapo n'kutiuza kuti tiwatenge. Tsiku lina masana anandiitana, amayi ali pomwepo akuwakupiza ndi katoni.

"Mayi," ankanditcha choncho chifukwa anandipatsa dzina la amayi awo, "mundiike konkuno, musavutike. Mchenga ndi mchenga. Koma suti musandiveke. Ipite kwathu. Mlongo wanga akaione, akaigwire, akaonetse anthu. Akadziwe kuti ndinali m'njira."

Ndinati ndamva, atate. Ndinalonjeza. Anamwalira patapita masiku atatu, tinawaika atavala malaya awo a kutchalitchi.

Mkulu wa mpingo anatilembera kalata yopita ku Ntcheu. Yankho linabwera mvula itayamba kale. Azakhali, mlongo wa atate uja, anauza wowalembera kuti zovala za achimwene musagawe, musatumize ndi munthu, ndibwera ndekha ndikakolola, ndidzaone manda n'kutenga ndi manja anga. Amayi anandifotokozera kuti mwambo wake ndi umenewo. Zovala za womwalira ndi za abale ake, ife mkazi ndi ana timangosunga. Ndipo sitizigwiragwira mpaka eni ake afike.

Kukolola kunadutsa, azakhali sanabwere. Kalata ina inati mwana wawo wadwala. Ina inati mapepala a ulendo akuvuta. Suti inali pamwamba paja, ndipo Loweruka loyamba la mwezi likafika, ine ndi amayi tinkangoyang'anana.

Nthawi imeneyo bambo wa ana anga anali atapita ku Kitwe n'kuiwala njira, ndiye ofesi inatsala m'manja mwanga, pamodzi ndi ana awiri ndi amayi. Amayiwo ndiwo anayamba kundidetsa nkhawa. Ankalowa kudzatenga sopo, n'kuima, maso m'mwamba, sopo ali m'manja. Nthawi zina ndinkawapeza akulankhula nayo suti ija, motsitsa mawu, kuiuza kuti mdzukulu wamera dzino, kuti mpapaya wagwa ndi mphepo. Kudya anachepetsa. Ine ndinkati suti ikuwadya. Lero ndikaganiza, mwina ndiyo inkawasunga. Sindikudziwa. Nthawi imeneyo ndinkadziwa chilichonse, ndilo linali vuto langa.

Kenako inafika nyengo ija ya mizere. Sopo anasowa, mafuta ophikira anasowa. Munthu unkaima pamzere osadziwa n'komwe kuti kutsogolo akugulitsa chiyani. Nanga ine wochapa, popanda sopo ndine ndani? Ndikapeza mitanda iwiri kapena itatu ndinkasunga. Koma masiku amenewo kusunga sopo kunali ngati mlandu, anyamata a Chipani ankayenda m'makomo kufufuza obisa katundu. Ndipo pa shelefu ya atate chilichonse chinali poyera, aliyense wodzatenga zovala zake ankaona.

Tsiku lina anabwera tcheyamani wa Chipani wa m'dera lathu, bambo wamtali wamimba, kudzatenga malaya amene ndinamusitira. Anayang'ana sopo. Kenako anakweza maso, anatukula pilokesi ija.

"Ah ah! Amayi, chinthu chabwino chonchi chigona chabe? Ni ya ndani?"

Ndinati ndi ya malemu atate.

"Manje malemu avala suti? Pa Chisanu tili na alendo akulu ku eyapoti. Munibweleke, nizabweza. Ni nchito ya dziko."

Anali atangodya mango, ndipo ndi zala zomwezo anagwira mkono wa jekete n'kuutikita kuti amve nsalu. Munthu ameneyo ndiye ankapereka makadi a Chipani, ndiye ankati uyu agule, uyu adikire. Amayi ndiwo anayankha, ali pakhomo.

"Mwini wake ali paulendo, bambo. Za munthu wapaulendo sitibwereketsa."

Tcheyamani anaseka, anati tizakambilana, n'kutuluka. Pamkono wa jekete panatsala chala chachikasu. Ndinachichotsa ndi kansalu ndi madzi ozizira.

Sabata yonse ndinkangoganiza ndikusita. Ubwino wa poyera ndinkaudziwa. Mphepo imadutsa, chovala chikakhala ndi kachinyezi chimauma chokha, ukafuna chinthu sufufuza. Koma poyera pali maso. Maso a tcheyamani, maso a anyamata ofufuza sopo, maso a amayi. Ndipo ndisabise, kunyumba za anthu olemera ku Nottie Broadie kumene ndinkakapereka zovala ndinkaona makabati opaka utoto, mayi wapanyumba akutsegula ndi kiyi, mtima wanga n'kumasirira. Ndinkati dziko lasintha, nafenso tisinthe, tisakhale ngati tikadali kuseri kwa nyumba ya mzungu. Ndiye ndinagamula: pakufunika zitseko, zitseko ndi loko. Chimene munthu sakuchiona sapempha.

Kuseri kwa nyumba yathu kunkakhala kalipentala, bambo wa Chilozi wa ku Mongu, munthu wanthabwala amene ankacheza kwambiri ndi atate. Iye ankawatcha ba Nyasa, atate n'kumamutcha wa m'madzi, poti kwawo kumasefukira madzi. Ndinamuitana. Analowa mu ofesi, anagogoda thabwa la mukusi ndi chala, anayang'ana zitini zija, anapukusa mutu.

"Mwana wa ba Nyasa, ine ningakupangile chilichonse, olo kabati yokwela njinga. Koma mvela. Mukusi manje kulibe. Yamene nili nayo ni mapulanga ya mabokosi, yofewa. Ku chiswe iyo ni vitumbuwa."

Ndinati ndiye mungoika zitseko pa shelefu yomweyi.

"Iyi? Ilibe mbali, ilibe kumbuyo. Chitseko nizapachika pa mphepo? Siya monga anasiyila mudala. Ngati ni maso ya anthu, pachikako nsalu."

Ndinati nsalu munthu amatukula, ndinaona ndi maso anga.

Amayi anali atakhala pa ndowa yovundikira, pakhomo. Sanakweze mawu.

"Atate ako sanatsekerepo chovala."

"Atate kulibe, amayi. Tcheyamani alipo."

Mawu amenewo ndinalankhula ndine. Ndawalemba monga anatulukira, kuti ndisadzinamize. Amayi anadzuka pang'onopang'ono n'kukalowa m'nyumba. Nkhani ya kabati sanaitchulenso.

Kalipentala anapanga. Kunena zoona inali yokongola, zitseko ziwiri, yopaka vanishi, pakati thabwa logawa mbali ziwiri. Koma inali yonenepa kuposa shelefu ija, ndipo kachipindako n'kakang'ono. Kuti tebulo lositira likwane tinaikankha mpaka inagunda khoma. Kalipentala anati siyako kampata, ine ndinati nanga ndizidutsa pati ndi simbi yamoto? Zitini za oilo ndinataya, poti kabatiyo inalibe miyendo, inangokhala pansi. Matabwa a mukusi ndinamuuza kuti atenge, malo panalibe. Anawanyamula osaseka, pamene munthu ameneyo sankachita kanthu osaseka.

Mbali imodzi ndinaikamo sopo ndi zovala za makasitomala, imeneyo ndinkatsegula tsiku lililonse. Mbali inayo inali ya suti yokha. Ndinaiika bwinobwino, ndinaponyamo timipira tija toyera tothamangitsa njenjete, ndinatseka, ndinakhoma loko, kiyi ndinamuika pansi pa sutikesi yanga.

Ndipo zinaoneka ngati ndachita bwino. Tcheyamani anabweranso, anayang'ana zitseko, ndinamuuza kuti abale anatenga, anapita. Makasitomala ankayamikira, ati ofesi yaoneka ngati ya m'tauni. Amayi anasiya kuima m'kachipinda muja. Kwenikweni anasiya kulowamo. Ine ndinati achira.

Dzinja linadutsa, lina linadutsanso. Sindinatsegule. Ndinkadziuza kuti ndi mwambo, za womwalira sitigwiragwira. Koma mwambo sunaletse kuyang'ana, ayi. Zoona zake n'zakuti nanenso ndinapuma. Kusaiona kunali kokoma. Ndinkasita tsiku lonse pafupi ndi chitseko chimenecho, chigongono chikuchigunda, osaganiza n'komwe. Kangapo posesa ndinapeza timadothi pakona ya kabati, ndinati ndi fumbi la Libuyu, n'kusesa.

Azakhali anafika nthawi yozizira, osatidziwitsa. Ndinangoona mayi wamfupi, wowonda, ataima pampanda ndi kathumba pamutu, akufunsa kwa dobi wa ku Ntcheu. Atatsitsa kathumbako ndinaona chipumi cha atate, chenichenicho. Anayenda masiku anayi, basi, basi ina, kenako sitima. Mapazi anali otupa ngati a achimwene awo tsiku limene anafika m'tauni muno.

Analira ndi amayi, tinawaperekeza kumanda, anagwada, anakhudza mchenga. Mawa lake atamwa tiyi anauza amayi kuti, "Alamu, tsopano ndione za achimwene."

Tikupita ku ofesi anandigwira dzanja.

"Mwana wanga, ndikuuze. Ine achimwene nkhope sindikuikumbuka. Ndikukumbuka msana chabe, iwo akupita, ine ndikuwathamangira mpaka pamtsinje, amayi n'kudzandibweza. Chithunzi mulibe, ndamva. Ndiye ndati jeketelo ndikalitambasula ndidziwa kuti anakula kufika pati, mapewa anali bwanji. Kumudzi anthu akudikira. Takonza kuti tikalire maliro bwinobwino, suti ili pamphasa."

Ndinatsegula loko. Chitseko chinakana pang'ono, ndinakoka. Munatuluka fungo la dothi lonyowa, ngati la kumunda mvula yoyamba. Koma suti inali pomwepo, yopinda monga ndinaisiyira, kolala pamwamba, yoyera. Mtima unakhala pansi. Ndinati, "Nayi, azakhali."

Anapukuta manja pachitenje, anawalowetsa pansi pake kuti anyamule. Chimene ananyamula ndi kolala ndi kachidutswa ka pachifuwa. Zotsala zinangokhuthuka. Mkati monse munali dothi, loumbika bwinobwino, tinjira tinjira, chiswe chili yakaliyakali kuthawa kuwala. Chinadzera kukhoma, chinaboola thabwa la kumbuyo, chinadya buluku lonse, jekete chinalidya kuchokera pansi n'kusiya pamwamba pokha ngati chikopa. Timipira tanga tonunkha tinali titatha kalekale.

Ine ndinagwada n'kuyamba kufukula dothi ndi manja, sindikudziwa ndinkafuna chiyani, mwina mkono umodzi wathunthu. Amayi anali pakhomo, pamalo pomwe anakhala tsiku lija. Ndinadikira kuti anene. Akananena sakanalakwa. Sananene, ndipo mpaka kumwalira kwawo sananene. Bola akanandikalipira.

Azakhali anakhala pansi, kachidutswa kaja kali pamiyendo. Patapita nthawi anati, "Bweretsa sefa."

Ndinafunsa kuti sefa yanji.

"Sefa ya ufa, mwana wanga. Bweretsa."

Tinasefa dothi lonse, atatu tonse, patebulo lositira. Tinapeza mabatani asanu ndi limodzi ndi kangowe kachitsulo ka buluku. Nyanga chiswe sichidya. Azakhali anawatsuka m'kapu, anawapukuta limodzilimodzi, anawamanga pakona ya chitenje pamodzi ndi kolala uja.

Ndinayamba kupepesa, mawu akudukaduka. Anandiletsa.

"Unkasunga. Sunagulitse, sunapatse munthu. Wochedwa ndine." Kenako anati, "Koma anthu ndikawauza chiyani? Akandifunsa kuti anali wamtali bwanji, ndikati chiyani?"

Amayi ndiwo anadzuka. Anawagwira dzanja azakhali n'kutuluka nawo panja, pa waya woyanikira zovala. Waya ameneyo anamanga ndi atate, pa msinkhu wawo. Ine ndi amayi tinkachita kukwera pa njerwa kuti tiyanike, ndipo zaka zonsezo palibe anaganizapo zomutsitsa.

"Ankayanika osanyanyamphira, alamu," amayi anatero. "Chigongono chopinda, chonchi."

Azakhali anaima pansi pa wayayo, anakweza dzanja, ananyanyamphira, nsonga za zala zinangokhudza. Anakhala choncho, dzanja lili m'mwamba, akuyang'ana. Kenako anati, "Ha, anatalika ngati atate athu." Pamenepo ndiye analira, kulira kwenikweni, kuposa kumanda kuja.

Anakhala nafe sabata imodzi. Ndinawaperekeza ku siteshoni, njira yonse dzanja lawo lili pa mfundo ya chitenje. Pambuyo pake kalata inabwera yoti maliro analira, mabatani anawakwirira pafupi ndi manda a amayi awo. Za suti kalatayo sinatchule. Azakhali sindinawaonenso.

Kabati ndinaitulutsa ndekha tsiku lomwe anapitalo. Kumbuyo kwake kunkaphwanyika m'manja ngati bisiketi. Ndinaiwotcha. Moto usanazime kalipentala anatulukira, matabwa a mukusi ali paphewa, atatu. Anati limodzi anapangira benchi, awa anangowasunga padenga, sakudziwa chifukwa chake. Sananene kuti paja ndinakuuza. Anangofunsa ngati ndili ndi zitini.

Ndi omwewa amene mwana wanga akufuna kuchotsa. Fumbi lilipo, sakunama, nthawi ya mphepo ndimakuntha kawiri pa tsiku, ndipo nthawi ya mizere ija sopo ndikamupeza ndinkabisa pansi pa bedi ngati wina aliyense. Thabwa la pamwamba sindiikapo kanthu. Makasitomala akafunsa ndimati ndi patali, sindifikira. M'mawa ndisanakoleze makala ndimalowetsa dzanja kumbuyo n'kusisita khoma kuchokera pamwamba mpaka pansi. Dzanja limatuluka lopanda kanthu, tsiku lililonse. Chimene ndinalonjeza kusunga chinapita kale, koma ndimalowetsabe.

Loweruka akubweranso ndi tepi yake. Ndidzamupatsa mapepalawa awerenge yekha mu ofesi, ine ndidzakhala panja, pa njerwa yanga, ndikuyanika.